Kukonzanso Makina Akale Ochapira Zovala a Maytag Okhala ndi Chofinyira

Makina ochapira zovala okhala ndi chofinyira pamwamba (marola awiri opanikizana amene amafinya madzi m'zovala), amene kampani ya Maytag inkapanga mumzinda wa Newton m'chigawo cha Iowa ku America, ali m'gulu la zipangizo zochepa za m'nyumba zimene zingagone m'shedi zaka 30 koma n'kudzukanso munthu akazigwira ndi sipanala, oyilo ndi kuleza mtima. Kampaniyi inatulutsa makina otchedwa Gyrafoam mu 1922, amene anali ndi chotakasa madzi m'kati mwa beseni chapansi, ndipo inapitiriza kupanga makina a chofinyira mpaka mu 1983. Amene amapezeka kwambiri lero ndi a mitundu itatu. E2L ili ndi beseni la ngodya zinayi la aluminiyamu, J2L ili ndi beseni la ngodya zinayi la chitsulo chokutidwa ndi enamel, pamene N2L ili ndi beseni lozungulira. Chilembo P chikawonjezedwa kumapeto kwa dzinalo ndiye kuti makinawo ali ndi pampu yotulutsira madzi, ndipo chilembo M chikalowa m'malo mwa L ndiye kuti ankayendera injini ya petulo. Malangizo ali munowa akutsata makina amenewa, ngakhale kuti ambiri mwa iwo angathandizenso amene ali ndi makina a Speed Queen kapena a makampani ena a nthawi imeneyo.

Amene wangopeza kumene makina otere maso ake amathamangira pa dzimbiri la miyendo ndi penti yosupuka, motero amayamba ndi sandipepa. Kumeneko n'kuyambira kumapeto. Moyo wa makinawa uli pamalo amene maso saona msanga: pansi pa beseni pamene madzi ayenera kulekana ndi oyilo, mu waya wa magetsi, ndi m'kachitsulo kamene kamamasula chofinyira dzanja likakodwa. Izi zikakhala bwino, makina a dzimbiri amachapa tsiku lomwelo, koma zikanyalanyazidwa, makina onyezimira akhoza kuvulaza mwana.

Kuwayendera ndi kuwanyamula

Musawalumikize ku magetsi pofuna kungoona ngati akulira. Gwadani, lowetsani dzanja pansi, ndipo zungulitsani pule yaikulu imene lamba amadutsapo. Iyenera kuzungulira mosavuta. Kenaka kokani kachogwirira kamene kali kutsogolo kwa makina, kamene kamalumikiza chotakasa ku magiya, n'kuzungulitsanso puleyo. Chotakasa chikayamba kupita uku ndi uku, dziwani kuti mtima wa makinawo ukadali wamoyo ndipo zotsalazo zikhoza kukonzedwa. Yang'ananinso mwendo wakumbuyo umene uli pansi pa mzati wa chofinyira. Oyilo wakuda woyenderera pamwendo umenewu amapezeka pa makina ambiri akale, ndipo nthawi zina amangosonyeza kuti makinawo anagonekedwapo molakwika, koma nthawi zina amasonyeza kuti madzi analowa mu giyabokosi n'kukankhira oyilo kunja.

Ponyamula, yambani mwachotsa chofinyira. Ikani chogwirira chake pakati, pamene marola sazungulira, ndipo chinyamuleni molunjika m'mwamba kuti chizuke pamzati wake. N'cholemera kwambiri kuposa mmene chimaonekera, choncho mukhale awiri. Makinawo ayende ali chiimire, atamangidwa ndi zingwe. Ngati galimoto ndi yaifupi ndipo palibe kuchitira mwina, agonekeni chakutsogolo, chifukwa pa magiya opita ku chofinyira pali kabowo kopumira kamene oyilo amatayikirapo makina akagonekedwa mbali zina.

Musanamasule bawuti ngakhale limodzi, jambulani zithunzi ndi foni mbali zonse, ndipo pitirizani kutero pa chilichonse chimene mukuchotsa. Lembaninso nambala ya makina, chifukwa ogulitsa zipangizo amaifunsa.

Chotakasa chokakamira

Chotakasa chimangovekedwa pa shafuti ya mano, popanda bawuti, ndipo chimayenera kuzuka mukachikoka m'mwamba ndi manja awiri. Pa makina amene akhala nthawi yaitali chimakhala chitagwirana ndi shafuti chifukwa cha sopo wouma ndi dzimbiri. Apa ndi pamene makina ambiri amawonongekera m'manja mwa owakonza, chifukwa munthu amalowetsa chitsulo pansi pa chotakasa n'kuyamba kutema ngati akuzula chitsa, ndipo mapeto ake beseni la aluminiyamu limabooka kapena enamel imasweka. Thirani madzi otentha kwambiri mpaka chotakasa chimire, asiyeni kwa ola lathunthu, kenaka chigwedezeni uku mukuchikoka. Chikakana, bwerezani mawa lake. Njira ina yofatsa ndi yolowetsa chubu cha njinga chopanda mpweya pansi pa chotakasa kuzungulira shafuti, n'kuchipopa pang'onopang'ono, pakuti mpweyawo umakankha mofanana mbali zonse ndipo suswa kanthu. Zonse zikalephereka, ndi bwino kuswa chotakasacho kusiyana n'kupinda shafuti, popeza chotakasa china chimapezeka mosavuta.

Chikachoka, mupeza pansi pake ulusi wa zovala, mchenga, mabatani ndi mapini. Chotsani zonsezo, tsukani mano a shafuti ndi burashi ya waya, ndipo muwapake Vaseline musanabwezeretse.

Pamene madzi amalekana ndi oyilo

Pansi pa chotakasa pali mbale ya chitsulo imene imamanga beseni ku giyabokosi, ndipo shafuti imatulukira pakati pake. Pakati pa mbaleyi ndi beseni pali gasiketi, ndipo pozungulira shafuti pali seal imene ntchito yake ndi kutsekereza madzi a sopo kuti asatsikire ku magiya. Kachinthu kameneka n'kotsika mtengo, koma ndi kamene kamagamula ngati makinawo akhale zaka zina zambiri kapena afe m'miyezi yochepa.

Kuti mudziwe mmene zilili, tsekani paipi yotulutsira madzi poikoleka m'mwamba, dzazani beseni, ikani katoni youma pansi pa makina, ndipo asiyeni usiku wonse. M'mawa katoniyo idzakuuzani pamene pakudontha komanso chimene chikudontha. Madzi oyera otuluka pa paipi si nkhani yaikulu, chifukwa paipi ya labala yakale imang'ambika ndipo imangofunika ina ya kukula komweko. Koma mukaona oyilo wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi analowa kale mu giyabokosi ndipo iyenera kutsegulidwa. Ngati palibe chizindikiro cha madzi, pule ikuzungulira mwakachetechete ndipo shafuti sikugwedera, ine ndimalangiza kuti giyabokosiyo musaitsegule konse. Inatsekedwa bwino ku fakitale, ndipo kuitsegula popanda chifukwa kumangobweretsa kudontha kumene kunalibe.

Ikafunika kutsegulidwa, vuto loyamba ndi mabawuti a mbale ija. Maytag inkagwiritsa ntchito mabawuti a mutu wachilendo otchedwa gulmite, amene sipanala wamba sagwira. Sipanala yake imagulitsidwa ndi amene amasunga zipangizo za makinawa, koma ikasowa mukhoza kuwagwira ndi pulayala yokhoma kapena kudula kamzera pamutu pake kuti sikuludiraiva yaikulu ilowe, ndipo pobwezeretsa muike mabawuti wamba a chitsulo chosachita dzimbiri, a mazinga ofanana ndi akalewo. Kumbukirani kuti mazinga a mabawuti a ku America amayezedwa mu mainchi, ndiye bawuti la mamilimita likakakamizidwa m'bowolo limawononga mazinga ake. Chitsulo chikakhalitsa mu aluminiyamu pamalo a chinyezi chimagwirana naye kolimba, motero thirani mankhwala omasula dzimbiri, dikirani tsiku, menyani mutu wa bawuti mopepuka ndi hamala, ndipo limasuleni pang'ono n'kulibweza pang'ono mpaka litayenda. Bawuti lothyokera m'kati limadya masiku ambiri kuposa amene mukanadikira.

M'kati mwa giyabokosi muli giya yopota imene pule imazungulitsa, ndi magiya ena amene amasandutsa kuzungulirako kukhala kupita uku ndi uku kwa chotakasa. Khuthulani oyilo wakale, tsukani zonse ndi palafini, ndipo yang'anani dzino lililonse. Kawirikawiri magiyawo amapezeka ali bwinobwino, ndipo chimene chimakhala chitadyeka ndi shafuti pamalo pamene seal imagwira. Ngati pali timaenje tating'ono, salazani ndi sandipepa yosalala kwambiri. Ngati pakumbika, pitani nayo kwa osula zitsulo amene ali ndi lathe, makina osemera chitsulo chikuzungulira, kuti akaivekere kachitsulo kosalala, chifukwa seal yatsopano pa shafuti yokumbika imadontha posakhalitsa. Gasiketi mukhoza kudula nokha pa pepala la gasiketi la m'mashopu a zipangizo za galimoto, potsata yakaleyo. Thirani oyilo wolemera wa magiya, ndipo mukaona kuti muli magiya kapena mabushi a mkuwa sankhani wa GL-4, popeza mankhwala a m'maoyilo ena a GL-5 amadya mkuwa. Musadzaze mpaka pakamwa, chifukwa oyilo wochuluka amafuna potulukira. Pomanga mbale ija, limbitsani mabawuti mopingasa, lililonse pang'onopang'ono, kuti gasiketi ikhale mofanana, kenaka bwerezani kuyesa kwa madzi ndi katoni.

Magetsi

Waya wakale wa magetsi muduleni n'kutaya, ngakhale akuoneka wabwino, chifukwa labala wake amakhala atauma m'kati. Makina ambiri a nthawi imeneyo anali ndi waya wa nthambo ziwiri, wopanda nthambo ya earth, chikhalirecho munthu wochapa amaima pansi ponyowa, manja ali m'madzi, atatsamira thupi la chitsulo. Ikani waya wa nthambo zitatu, ndipo nthambo ya earth imangidwe pa thupi la mota komanso pa chimango cha makina, pamalo amene mwapala penti mpaka chitsulo chioneke. Ziwirizi n'zofunika chifukwa mota imakhala pa timalabala timene timailekanitsa ndi chimango. Katswiri wa zamagetsi ayeze ngati magetsi sakuthawira ku thupi la mota, ndipo soketi imene makinawa azigwiritsa ntchito ikhale yotetezedwa ndi chida cha RCD cha 30 mA, chimene chimadula magetsi akangoyamba kudutsa m'thupi la munthu.

Amene ali ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa kapena ku Britain ali ndi nkhani ina yowonjezera. Mota ya makinawa inapangidwira magetsi a ku America a 120 V ndi 60 Hz (Hz ndi maulendo amene magetsi amasinthasintha pa sekondi), pamene m'maiko amenewa magetsi ndi a 230 V ndi 50 Hz. Kuilumikiza mwachindunji ku soketi kumaiwotcha nthawi yomweyo. Thiransifoma yotsitsa magetsi imathandiza, koma iyenera kukhala yaikulu kuposa mphamvu yolembedwa pa mota, chifukwa mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo. Komanso thiransifoma sisintha ma Hz, motero mota ya 1725 rpm (maulendo ozungulira pa mphindi) imazungulira cha pa 1425 rpm ndipo imatentha kuposa kale. Kwa makina amene azichapa sabata ndi sabata, njira yabwino ndi kuchotsa mota yakaleyo, kuisunga, n'kuikapo ya 230 V ya mphamvu yofanana. Popeza yatsopanoyo idzakhala ya 1425 rpm, pule yake ikhale yokulirapo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kuti chotakasa chiziyenda pa liwiro lake lakale. Onetsetsani kuti ikuzungulira mbali imene yakale inkazungulira, ndipo lamba watsopano amangike moti mukamudina ndi chala pakati azilowa pang'ono chabe. Makina a Hoover a ku Britain, amene anayamba kupangidwa ku Merthyr Tydfil mu 1948 ali ndi chofinyira chopukusa ndi manja, alibe vuto la kusiyana kwa magetsili, koma nawonso amafuna waya watsopano ndi earth.

Mota ikangong'ung'udza osazungulira, zulani pulagi msanga. Nthawi zambiri vuto limakhala kaswichi ka m'kati mwake kamene kamaithandiza kudzuka, kamene kamada kapena kukakamira, ndipo amene amakonza mamota amakatsuka mosavuta. Dziwaninso kuti makina ambiri a mtunduwu alibe swichi yoyatsira, ndipo mota imayamba pulagi ikangolowa. Choncho kachogwirira ka chotakasa kakhale kokankhidwira m'kati ndipo chofinyira chikhale pakati musanalumikize.

Makina ambiri akale a petulo ali ndi injini ya Maytag yomwe, ya Model 92 ya silinda imodzi kapena ya Model 72 ya masilinda awiri imene inapangidwa kuyambira 1937 mpaka 1952. Injinizi zimalizidwa poponda ndi phazi, ndipo zimafuna petulo wosakaniza ndi oyilo, gawo limodzi la oyilo pa magawo 16 a petulo. Tsukani thanki, yeretsani pulagi ndi mapointi a magineto, ndipo muzilizira panja pokha, chifukwa utsi wake umapha m'chipinda chotseka.

Chofinyira

Chofinyira chili ndi marola awiri, lapamwamba lofewa ndi lapansi lolimba, ndipo masipuling'i amphamvu amawapanikiza pamodzi. Marolawo sasiyanitsa thawulo ndi dzanja. Ana ndi akuluakulu amene mikono yawo inakokedwa ndi makina otere anali ochuluka ku America moti madokotala anapatsa kuvulalako dzina lakelake, lakuti wringer arm. N'chifukwa chake pamwamba pa chofinyira pali kachitsulo kopingasa kamene munthu akangokamenya, kupanikiza konse kumamasuka ndipo marola amalekana. Kachitsulo kameneka ndi kamene muyenera kukathera nthawi yochuluka kuposa china chilichonse pa chofinyira.

Tsegulani chofinyira, chotsani marola, ndipo tsukani girisi wakale wouma pa zokowera, pa mapini ndi pa masipuling'i, kenaka mupake watsopano wochepa. Sipuling'i yothyoka kapena chokowera chodyeka chisinthidwe, osati kumangidwa ndi waya. Mukabwezeretsa, yesani makina asanalumikizidwe: panikizani marola, menyani kachitsuloko ndi chikhatho, ndipo muone ngati akulekana nthawi yomweyo. Yesaninso akuzungulira, thawulo lokhuthala lopindidwa lili pakati pawo, ndipo muyese mutaima mbali zonse ziwiri. Ngati kakufuna mphamvu zambiri kapena kumenyedwa kawiri, chofinyiracho sichinakonzeke, ngakhale chikufinya bwino chotani. Makina a zaka zomalizira, a chilembo S, anali ndi kampira ka mpweya kopondedwa ndi phazi, ndipo marola ankaima munthu akangochotsa phazi. Pa makina ambiri kampiraka kanaphulika ndipo eni ake anakalambalala pomanga bawuti m'malo mwake. Mukapeza zotere, bwezeretsani kampirako.

Marola amene anasiyidwa atapanikizana zaka zambiri amamatirirana kapena kuphwatalala mbali imodzi. Omatirirana alekanitseni ndi madzi ofunda a sopo, osawang'amba. Labala asakhudzidwe ndi petulo, palafini kapena oyilo, chifukwa amafufuma n'kuyamba kumata. Rola losweka kapena lophwatalala silikonzeka. Atsopano amapezeka ku America, makamaka m'mashopu a anthu a chi-Amish, gulu lachikhristu losunga moyo wachikale, a ku Ohio, Indiana ndi Pennsylvania, amene mpaka lero amachapira makina amenewa ndipo ndi amene achititsa kuti zipangizo zake zisasowe. Kumene kuitanitsa kuli kodula, makampani amene amaveka labala pa marola a makina osindikizira akhoza kuveka shafuti yakaleyo, malinga muwauze kuti lapamwamba likhale lofewa. Onaninso kuti chofinyira chikukhoma pamalo alionse amene mwachitembenuzira, komanso kuti kathireyi ka pansi pa marola kakupendekera mbali yoyenera mukasintha kozungulira, kuti madzi azibwerera m'beseni osati pamapazi anu.

Beseni ndi penti

Beseni la aluminiyamu lisatsukidwe ndi caustic soda, chifukwa amadya aluminiyamu, ndipo Jik asasiyidwemo nthawi yaitali. Madzi otentha, sopo ndi viniga pang'ono zimakwanira, ndipo timabowo tating'ono timatsekedwa ndi guluu wa epoxy pamalo ouma ndi opalidwa bwino. Beseni la enamel lisakwechedwe ndi waya, ndipo pamene pasweka pachotsedwe dzimbiri n'kutsekedwa mofananamo.

Tsopano mukhoza kutenga sandipepa ija. Penti ya zaka zimenezo ikhoza kukhala ndi mtovu, choncho palani ponyowetsa, panja, mutaphimba mphuno ndi pakamwa, ana ali kutali. Pakani mankhwala opha dzimbiri pa miyendo, kenaka penti yoyambira, kenaka enamel yoyera yopyapyala kawiri kapena katatu. Mkombero wa aluminiyamu wa pamwamba pa E2L supentedwa, umangopukutidwa mpaka uwale. Timatayala ta kumiyendo tichotsedwe ulusi umene unakulungika m'kati ndipo tithiridwe oyilo.

Kuchapa koyamba

Yambani ndi madzi ofunda okha kwa mphindi 15, mukumvetsera ndi kuyang'ana pansi. Gwirani mota pambuyo pozula pulagi, ndipo iyenera kukhala yofunda koma osati yowotcha. Kenaka chapani nsanza ndi matawulo akale kuti atenge zotsalira za girisi. Dzazani madzi mpaka pamzere wake, yambitsani chotakasa, ndipo ikani zovala chimodzichimodzi kufikira pamene zikutembenuzikabe momasuka. Zikaleka kutembenuzika ndiye kuti zachuluka. Madzi amodzi amachapa maulendo angapo mukayamba ndi zoyera n'kumalizira zakuda kwambiri, ndipo mabeseni awiri otsukuluzira amaikidwa pambali kuti chofinyira chizitembenuzidwira pakati pawo.

Pofinya, yalani chovala mofanana m'lifupi mwa marola, pindirani mabatani ndi zipi m'kati, ndipo zala zikhale kutali, makamaka pa tizovala tating'ono timene ndi bwino kutikankha ndi kamtengo. Tsitsi, mpango ndi manja a malaya zikhale zomangidwa, ndipo mwana asayandikire makina akulira. Chovala chikakulungika pa rola, menyani kachitsulo komasula m'malo mochikoka. Mukamaliza, tsitsani paipi kuti madzi onse atuluke, zulani chotakasa ndi kuchisiya pambali kuti shafuti iume, masulani marola kuti asakhudzane, ndipo chivundikiro chikhale chotsegula pang'ono mpaka beseni litauma.